Zipangizo zopepuka za boti la faiba lothamanga: kodi tiitanitse nsalu ya kaboni?

Mmisiri wa ku Luwinga

Akuluakulu, ndikupempha nzeru kwa inu amene munagwirapo ntchito ya faiba mozama. Ndili ndi kashopu ku Luwinga kuno ku Mzuzu komwe ndimakonza mabampa a galimoto, matanki a madzi ndi zina za faiba, ndipo nthawi zina ndimatsikira ku Nkhata Bay kukamata maboti obooka. Tsopano mwini boti lina lonyamula alendo okaona malo wandipatsa ntchito imene kwa ine ndi yachilendo. Boti lake ndi la faiba, lotalika pafupifupi mamita 7, la injini ya 60 horsepower, ndipo akudandaula kuti likanyamula anthu limachedwa kudzuka, limangokankha madzi ndi chifuwa kwa nthawi yaitali lisanayambe kutsetsereka pamwamba, moti petulo amatha msanga pa ulendo wa ku Usisya kapena ku Chintheche. Titaliyang'ana limodzi tinapeza kuti mabenchi, pansi popondapo, zivundikiro za mabokosi, kabokosi ka chiwongolero ndi denga la mthunzi zonse ndi za plywood wochindikala wokutidwa ndi faiba, ndipo plywood winayo anamwa madzi kalekale kotero kuti benchi limodzi kulinyamula pamafunika anthu awiri.

Iye akufuna kuti ndimupangire zonsezi mwatsopano, zopepuka koma zolimba. Anamva kuti maboti a mipikisano kunja amapangidwa ndi ulusi wa kaboni (carbon fibre), ndiye akuumirira kuti tiitanitse nsalu ya kaboni ku Johannesburg ngakhale ikhale yodula. Ine chiyambire ndimagwiritsa ntchito mati ya 450, nsalu ya ulusi wagalasi, ndi polyester resin, mankhwala amadzimadzi onyowetsera nsaluyo amene amauma n'kulimba, basi. Kodi kaboni ingagwire ndi resin yomweyi, nanga phindu lake likufanana ndi ndalama zimene tingawononge? Funso lina ndi la nyengo. Mu Juni ndi Julayi resin kuno imachedwa kuuma, ndipo ine ndimangowonjezera hadena, mankhwala oumitsira resin, kuti ntchito iyende. Kodi pa ntchito ngati iyi ndingapitirize kutero?

Wopuma pantchito, Katoto

Achimwene, muwauze bwana anuwo kuti ndalama za kabonizo azisunge kaye, chifukwa kulemera kwa boti lawo sikuli mu mtundu wa ulusi ayi, kuli mu resin yochuluka ndi mu plywood wonyowa. Ndinagwira ntchito ya maboti kumwera kwa nyanja kwa nthawi yaitali, ndipo chimene ndinaona kawirikawiri ndi chakuti mmisiri amaganiza kuti akathira resin yambiri ndiye kuti walimbitsa chinthu. Sizili choncho. Mphamvu ili mu ulusi, ndipo ntchito ya resin ndi kungogwira ulusiwo pamalo pake ndi kupatsirana katundu kuchoka pa ulusi wina kupita pa unzake. Resin yotsala pamwamba pa imene ulusi ukufuna ndi katundu wongonyamula, komanso ndi imene imayamba kung'aluka.

Tiyeni tiwerenge ndi mati yanu yomweyo. Mati ya 450 imatanthauza magalamu 450 a ulusi wagalasi pa sikweya mita imodzi, ndipo chifukwa ulusi wake ndi waufupi ndi womwazikana, imamwa resin yoposa kawiri kulemera kwake, kunena kuti kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pang'ono. Choncho mati imodzi yoyalidwa ikauma imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka pa sikweya mita, ndipo imachindikala milimita imodzi yokha. Kuti chivundikiro chisapindike munthu akachiponda mungafunike kusanjikiza kanayi kapena kuposa, ndiye mwafika kale pa makilogalamu 6 pa sikweya mita, ndipo chikhalabe chikunjanja. Nsalu yolukidwa kapena yosokedwa, monga imene amaitcha biaxial, ulusi wake ndi wautali ndi wowongoka, imamwa resin yofanana ndi kulemera kwake basi, ndipo imalimba kuposa mati kutali.

Koma chinsinsi chachikulu si nsalu, ndi kuchindikala. Chinthu chophwatalala mukachichindikalitsa kawiri, kukana kwake kupindika kumawonjezeka kasanu ndi katatu. Nchifukwa chake amisiri a maboti othamanga saumba chinthu cha faiba yokhayokha, koma amaika zikopa ziwiri zopyapyala za faiba, pakati pake n'kuikapo chinthu chopepuka chozitalikitsa. Mukaponda chivundikiro chotere, chikopa cham'mwamba chimapanikizika, cham'munsi chimakokedwa, ndipo chapakaticho ntchito yake ndi kuletsa ziwirizo kuyandikana kapena kutsetsereka. Taonani katoni ya sopo: mapepala awiri opyapyala ndi lina lokwinyika pakati, koma imanyamula katundu amene mapepala atatuwo ongosanjikizidwa sangathe.

Pakatipo amaika foam yolimba ya PVC, yodziwika ndi maina monga Divinycell kapena Airex, imene kyubiki mita yake imalemera makilogalamu 60 mpaka 80 pa ntchito ngati yanuyi. Foam ya mamilimita 10 ya mtundu wa 80 imalemera magalamu 800 pa sikweya mita. Mukaika biaxial ya 450 mbali iliyonse, chikopa chilichonse chimalemera magalamu 900 pamodzi ndi resin yake, ndipo mukawonjezera resin yomatira pa foam muli pafupi ndi makilogalamu atatu. Ndi theka la kulemera kwa mati inayi ija, koma kulimba kwake sikungayerekezedwe n'komwe. Njira imeneyi si yatsopano. Maboti a matanga a Hobie 16 amene timawaona pa mpikisano wa Lake Malawi Sailing Marathon anapangidwa chomwecho, faiba yagalasi ndi foam pakati, ndipo boti lonse la mamita 5 limalemera makilogalamu pafupifupi 145, popanda kaboni m'matupi ake.

Kaboni sindikuinyoza. Ulusi wake umakana kutanuka kuposa wagalasi pafupifupi katatu, ndipo ndi wopepukirapo, choncho pa mlongoti, pa chiwongolero chopyapyala kapena pa nkhafi ya mpikisano ulibe mnzake. Koma umafuna resin ya mtundu wina yotchedwa epoxy, chifukwa polyester siugwira bwino, ndipo mukaunyowetsa ndi burashi monga muchitira ndi mati mudzakhala mwagula nsalu yodula n'kuimiza mu resin yolemera. Vuto lina ndi lakuti nsalu yagalasi ikanyowa bwino imaonekera mkati, moti pamalo pouma mumapaona poyera, pamene kaboni ndi yakuda yokhayokha ndipo imabisa pouma. Ikathyokanso imathyoka kamodzin'kamodzi osachenjeza. Pa benchi lokhalapo alendo, kusiyana kwa kaboni ndi galasi kungakhale magalamu mazana ochepa pa sikweya mita, pamene kusiyana kwa plywood wonyowa ndi foam ndi makilogalamu.

Woyendetsa boti, Nkhata Bay

Zimene anena bambo a ku Katoto ndi zomveka, koma ine amene ndimakhala pa chiwongolero ndili ndi mawu ochenjeza. Nyanja yathu kuno kumpoto si dziwe. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera ukadzuka mafunde amabwera aafupi ndi otsatizana, ndipo boti lothamanga silitsetsereka pamenepo, limangomenyetsa chifuwa pansi funde ndi funde. Boti lopepuka kwambiri kutsogolo limauluka n'kugwa, ndipo alendo amene analipira kuti akasangalale amatsika ku Usisya atagwira misana. Choncho musangochotsa kulemera paliponse pamene mwakupeza. Chotsani kaye kwam'mwamba, monga denga la mthunzi, chifukwa kulemera kokhala pamwamba ndi kumene kumagwedeza boti chammbali, kenako konse kumene kuli kumbuyo pafupi ndi injini, chifukwa ndi kumene kumalepheretsa boti kudzuka.

Ndipo musanaumbe kanthu, funsani mwiniwakeyo ngati anayesapo kusuntha thanki ya petulo ndi batire kupita nazo pakati, kukhazika anthu olemera kutsogolo podzuka, ndi kuyang'ana propela ngati ili yoyenera katundu amene amanyamula. Propela ya pitch yaikulu, kutanthauza imene imafuna kukankha boti patali pa kuzungulira kumodzi, pa boti lodzaza anthu imalemetsa injini, ndipo mungapepukitse mabenchi onse koma boti n'kumachedwabe kudzuka. Onaninso pansi pa popondapo, pakati pa pansi ndi chifuwa cha boti. Maboti ambiri akale ali ndi foam yoyandamitsa imene inamwa madzi, ndipo nthawi zina madzi obisika m'menemo amalemera kuposa mabenchi onse pamodzi.

Pali malo awiri amene ine sindingalole kuti munthu awapepukitse pa boti langa: thabwa lakumbuyo pomangirira injini, ndi chifuwa chimene chimakhudza pansi. Magombe athu ambiri ndi amiyala, ndipo anyamata amakoka boti pamchenga wosakanizika ndi timiyala tsiku ndi tsiku. Chikopa cha milimita imodzi pamenepo chibooka sabata isanathe. Ganiziraninso za kukonza. Chinthu chikasweka ku Likoma kapena ku Ruarwe, mati ndi polyester mungazipeze kwa mnzanu, koma epoxy muidikira mpaka Ilala idzabwerenso.

Mphunzitsi wa zaumisiri, Chibavi

Bambo a ku Luwinga, funso lanu lachiwiri silinayankhidwe, ndipo kwa ife a ku Mzuzu mwina ndilo lalikulu. Musamawonjezere hadena mongoganizira. Hadena ya polyester, imene dzina lake ndi MEKP, imathiridwa pakati pa 1 ndi 2 pa 100 iliyonse ya resin, kunena kuti mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu, ndipo muziyeza ndi sirinji osati ndi chitsekerero cha botolo. Mukapitirira kwambiri muyezowo resin imauma mwachangu koma imatuluka yofooka ndi yosachedwa kung'aluka, ndipo m'kapu imatha kutentha mpaka kufuka utsi. Polyester imafuna kutentha kwa madigiri 18 mpaka 25, ndipo kukazizira kufika pansi pa 15 siiuma mpaka mkati ngakhale pamwamba ioneke yolimba. Mzuzu ali pamtunda wa mamita opitirira 1,200, ndipo usiku wa mu Juni ndi Julayi kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 10, choncho chimene mwaumba madzulo chimagona chisanapse. Mankhwala ake ndi kutenthetsa chipinda ndi chikombole, osati hadena. Yambani ntchito dzuwa likakwera, sungani zitini za resin m'nyumba mofunda, ndipo chimene mwaumba muchivundikire ndi kahema ka pulasitiki, mkati muikemo mababu akale otentha aja kapena kahita kamagetsi kotalikirana nacho. Mbaula ya makala musailowetse, chifukwa nthunzi ya resin ndi ya acetone sizichedwa kuyaka.

Chinyezi ndi mdani wachiwiri. Nsalu yagalasi ikagona pa shelefu m'nyengo ya mvula yowaza ija imamwa chinyezi, ndipo resin siigwira bwino, choncho muziisunga m'thumba la pulasitiki lomanga. Ngati musankha epoxy, dziwani kuti ikauma pozizira ndi pachinyezi pamwamba pake pamabwera kamafuta koterera kotchedwa amine blush, kamene kamaletsa penti kapena nsalu yotsatira kumatirira. Kamachoka ndi madzi ofunda ndi siponji yokhakhala, ndipo muzikatsuka musanapale ndi sandipepa, apo ayi mudzangokapakiza paliponse. Epoxy ndiyo yosakhululuka kwenikweni pa muyezo: ngati pa chitini alemba 2:1 kapena 5:1, ndi chomwecho basi, ndipo muonetsetse ngati akunena za kulemera kapena za kuchuluka m'kapu. Hadena yake siifulumizitsa kanthu mukaiwonjezera, imangotsala yosagwira ntchito ndipo chinthu chimakhala chofewa mpaka kalekale. Dziwaninso kuti mati wamba inamatidwa ndi mankhwala amene amasungunuka mu styrene, mankhwala opezeka mu polyester, ndiye mu epoxy imakhala yowuma gwa ndi yovuta kupinda. Epoxy imamatirira bwino pa polyester yakale yopalidwa, koma polyester pa epoxy siigwira, ndipo apa ndi pamene nkhawa ya bambo a ku Nkhata Bay ili ndi maziko.

Ine maganizo anga ndi akuti zivundikiro ndi mabenchi mungathe kuzichita ndi polyester kapena vinylester, resin yofanana nayo kagwiritsidwe, pa foam ya PVC, popeza ndi zimene manja anu anazolowera ndipo zingakonzedwe kunyanja. Epoxy muisungire denga, limene lifunika kukhala lopepuka kuposa zonse, ndi pomatira zinthu zatsopano ku boti lakale.

Kuti foam imatirire bwino ndi resin yotsala ifinyike, njira yabwino ndi ya thumba lopopa mpweya. Mukayala nsalu yonyowa ndi foam pa chikombole, pamwamba mumaika nsalu yosamatirira yotchedwa peel ply, kenako pulasitiki wa timabowo, kenako kansalu kaubweya koyamwa resin ndi kodutsa mpweya, ndipo zonse mumazivundikira ndi pulasitiki womatidwa m'mbali. Mukapopa mpweya wam'kati, mpweya wakunja ndi umene umapanikiza, mofanana paliponse. Pafupi ndi nyanja yamchere mphamvu imeneyi imafika pafupifupi matani 10 pa sikweya mita, koma kuno kumtunda mpweya ndi wopepuka ndipo singapitirire matani 9, choncho geji yanu ikalephera kufika pa nambala imene mabuku akunja amanena musathe tsiku mukufunafuna pobooka. Ndiponso simufunika mphamvu yonseyo, chifukwa mukapopa kwambiri resin ikadali yamadzimadzi mudzayamwa ndi yofunika yomwe, nsalu n'kutsala youma. Kompuresa ya firiji yakale imakwanira pa zinthu zazing'ono, bola muike botolo pakati pa paipi kuti resin isalowe m'kompuresamo, ndipo mukhale ndi pothawira magetsi akathima chinthu chisanaume.

Pentani zoyera. Epoxy youma popanda uvuni imayamba kufewa ikatentha kufika madigiri 50 kapena 60, ndipo chinthu chakuda chogona padzuwa la mu Okutobala ku Nkhata Bay chimafika pamenepo mosavuta. Kuwala kwa dzuwa kumaiwononganso ikakhala yosapentedwa, choncho kaboni yoonekera yonyezimira imene bwana wanu anaiona pa zithunzi siingakhalitse kuno. Za thupi lanu: magolovesi, magalasi a m'maso ndi chotchinga mphuno choyenera nthunzi, osati kansalu wamba. Dontho limodzi la MEKP m'diso lingakuchititseni khungu, ndipo musadzaisakanize mwachindunji ndi cobalt, mankhwala ofulumizitsa kuuma kwa polyester, chifukwa zimaphulika.

Mmisiri wa ku Luwinga

Zikomo kwambiri nonse, makamaka amayi aphunzitsi pa nkhani ya hadena. Ndalankhula ndi mwini boti ndipo wavomera kuti tiyambe taboola pang'ono pansi popondapo kuti tione ngati muli madzi, komanso kuti za kaboni tiziike pambali. Chimene chatsala ndi foam. Ya PVC sindinaionepo m'mashopu a hadiweya kuno, ndipo kuitanitsa ku Dar es Salaam kapena ku South Africa kudzatenga nthawi ndi ndalama zakunja. Kodi foam yoyera yopepuka imene imabwera m'makatoni a mafiriji ndi ma TV singagwire ntchito imeneyi? Nanga matabwa opepuka monga malaina kapena paini wa ku Chikangawa, amene tili nawo pafupi?

Wopuma pantchito, Katoto

Foam yoyerayo ayi, achimwene. Imeneyo ndi polystyrene, ndipo mukangoidonthezera polyester mudzaiona ikusungunuka pamaso panu, chifukwa styrene wa mu resin amaidya. Ndi epoxy siisungunuka, koma ndi yofewa kwambiri: timibulu take timalekana munthu akaponda mobwerezabwereza, chikopa chimasiyana ndi chapakati, ndipo chivundikiro chimayamba kulira ndi kufewa pakati. Yachikasu ya m'makoma a firiji, ya polyurethane, imapirira polyester koma imanyenyeka, choncho ndi yabwino poumbira nthiti zolimbitsira pansi pa benchi, pamene faiba yokutirayo ndiyo ikunyamula katundu, osati poyala pansi popondapo.

Matabwa ndi nkhani ina, ndipo musawapeputse. Amisiri akunja akhala akugwiritsa ntchito mtengo wa balsa pakati pa zikopa kwa zaka zambiri, woduladula mopingasa kuti mitsempha yake iime chilili, ndipo umalemera pafupifupi makilogalamu 150 pa kyubiki mita. Paini wathu ndi malaina zimalemera pafupifupi katatu kuposa pamenepo, ndiye sizingafanane ndi foam, koma timatabwa ta mamilimita 6 tomatidwa m'mbali ndi kukutidwa ndi nsalu yagalasi mbali zonse timalemera pafupifupi makilogalamu atatu pa sikweya mita tisanakutidwe, ndipo benchi lotero lidzapepukabe kuposa plywood wa mamilimita 18 amene alipoyo. Ubwino wake ndi wakuti thabwa limanyamula nawo katundu motsata utali wake, choncho nsalu yokutira ingakhale yopyapyala. Koma likhale louma kwenikweni, lopanda mfundo ndi utomoni, ndipo apa epoxy ndiyo yofunika, chifukwa polyester imasendeka pa thabwa pakapita nthawi ndipo madzi amalowa. Ine ndikanakhala inu mabenchi ndikanapanga a matabwa otere, ndipo foam yochepa yoitanitsayo ndikanaisungira denga ndi zivundikiro.

Kaya pakati muika foam kaya thabwa, chimene chimapha zinthu zotere ndi bowo la bawuti. Pamene padzakhale hinjesi, chogwirira kapena mwendo wa denga, musangoboola n'kumanga, chifukwa bawuti idzaphwanya foam ndipo madzi adzatsata bowolo. Boolani bowo lalikulupo, mudzazemo epoxy yokhuthala yosakaniza ndi ulusi wodulidwa, ikauma muboolenso laling'ono pakati pake, kuti bawuti idutse mu epoxy yokhayokha. M'mphepete monse musiye foam ithere patali pang'ono, muisongole motsetsereka, kuti zikopa ziwirizo zikumane ndi kutsekana. Musaganize kuti poti nyanja yathu ilibe mchere ndiye kuti faiba ili pabwino. Madzi opanda mchere ndi ofunda amalowa mu polyester msanga kuposa a m'nyanja yamchere yozizira, ndipo ndiwo amabweretsa matuza aja pansi pa gelcoat, chikuto chosalala chakunja kwa faiba, amene mukawaboola amatuluka madzi onunkha ngati viniga.

Musanadule foam yodulayo, umbani tizidutswa toyesera ta masentimita 60 m'litali ndi 15 m'lifupi: china cha mati inayi, china cha foam ndi biaxial, china cha paini wokutidwa. Chilichonse muchiyeze pa sikelo ndi kulemba kulemera kwa nsalu ndi kwa resin imene mwathira. Kenako muchitanthalike pa njerwa ziwiri, pakati mupachike chigubu cha malita 20 chodzaza madzi, amene ndi makilogalamu 20, ndipo muyeze ndi rula kuti chapindika mamilimita angati. Mukamaliza muchimenye ndi hamala, muchidule ndi sowo, muone ngati chikopa chamatirira ponseponse kapena chikusendeka ndi chala. Zidutswazo mupite nazo ku Nkhata Bay kuti mwini boti aziponde yekha musanagwirizane mtengo wa ntchito.